Munthu wa Digiri Pakhomo la Fakitale

Mau amene ananenedwa kwa aphunzitsi a m'masukulu a Misyoni, osonkhana ku Kafue.



 Funso limene Komiti inandipatsa ndi ili: kodi mnyamata kapena msungwana amene watsiriza maphunziro a ku Yunivesite, nalandira digiri, afunikanso kuphunzitsidwa nchito? Kapena ena mwa inu mudzati nkhani imeneyi iri kutali ndi ife, pakuti ife timasiyana ndi ana pa mayeso a sekondale, ndipo za kutsogolo kwace n'za maprofesa ndi eni makampani. Koma ndifuna kuti pakutha pa mau anga tibvomerezane zinthu ziwiri. Coyamba, digiri ndi theka cabe la maphunziro a munthu wa nchito, ndipo theka linalo lipezeka pa malo a nchito pokha, pansi pa munthu amene anaidziwa kale nchitoyo. Caciwiri, kuti mwana adzalandire theka laciwirilo kapena adzalikane, cimayambira m'makalasi mwathu. Umboni wa zimenezi sitiufuna kutali, pakuti mbiri ya mzinda uno iri nao wokwanira.

ZA CIYAMBI CA KAFUE

Kafue anayamba ndi njanje. M'caka ca 1906 anamanga mlatho wa sitima pa mtsinjewu, wa zigawo 13 za citsulo, utali wace woposa mamita 400. Patapita zaka 12, mu 1918, a Misyoni ya Primitive Methodist anatsegula Kafue Training Institute, ndipo mkuru wace anali Mbusa John Fell. Sukulu imeneyo, imene lero tiichula kuti Kafue Boys Secondary School, inali yophunzitsa aphunzitsi. Koma mphunzitsi wa kwa Fell sanali kuphunzira za m'buku zokha iai. Anali kulima, kupala matabwa ndi kumanga nyumba. Harry Nkumbula, amene anadzakhala mtsogoleri wa African National Congress mu 1951, anaphunzira pa sukulu yomweyo. Pambuyo pace Fell anakatsogolera Jeanes School ku Mazabuka, kumene aphunzitsi amene anali ataphunzitsa kale anali kubweranso kudzaonjezera luso lao. Cotero maganizo akuti munthu wa setifiketi ayenera kuphunziranso si acilendo pakati pa ife aphunzitsi.

Koma tisabise mbali yowawa ya mbiri imeneyi. M'masiku a Boma la atsamunda, maphunziro a nchito za manja kawiri-kawiri anali njira yotsekereza munthu wakuda kuti asakwere. Ku migodi ya mkuwa nchito za umisiri weni-weni zinali za Azungu, ndipo kufikira ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 lamulo silinalole mwana wa Ciafrika kulembedwa monga wophunzira umisiri. Makolo athu anaona kuti khomo lotseguka ndilo la ukalaliki ndi uphunzitsi, ndipo anakankhira ana ao kumeneko. Sanalakwe. Koma m'nyengo imeneyo munabadwa cikhulupiriro cimene cikali ndi moyo, cakuti munthu wophunzira kwambiri ndi uja amene manja ace sadetsedwa. Lamulo la tsankho linafa kale-kale, koma cikhulupiriro cimene linabala cikali kuononga ana athu.

Pamene dziko lino linalandira ufulu mu 1964, anthu ace a digiri anali ngati 100 cabe. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Pa 11 November 1965 Boma la Azungu la ku Rhodesia linadzipatula ku Britain, ndipo Zambia anaona kuti sangathe kudalira zinthu zocokera kumwera. Panafunika feteleza wathu, nsaru yathu ndi magetsi athu. Kafue anasankhidwa pakuti pano pali njanje, mseu waukuru, madzi osaphwa, ndipo Lusaka ali pafupi, makilomita ngati 45. Tsono kampani ya Boma ya Indeco inaimika Kafue Textiles of Zambia ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, ndipo nyumba za anchito zinamangidwa ku Estates. Fakitale ya feteleza inamangidwa ndi Kobe Steel ya ku Japan, niyamba nchito mu 1970, ndi malasha ocokera ku Maamba. Ku Kafue Gorge kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inamanga malo opangira magetsi, ndipo makina oyamba anazungulira mu 1971.

Taonani bwino zaka zimenezi. Sukulu ya uinjiniya ya pa Yunivesite inayamba mu 1969. Ndiko kunena kuti makina anafika msanga, eni dziko odziwa kuwayendetsa asanakonzeke. Makina angagulidwe ndi ngongole, nabwera pa sitima. Koma munthu wodziwa kumva kulira kwa makinawo, nazindikira kuti lero sali kulira monga dzulo, sagulidwa ku sitolo. Ameneyo aleredwa pa nchito pomwepo, caka ndi caka.

CIMENE BUKU SILINENA

Aphunzitsi a sayansi muli muno mudziwa kuti mwana wa sekondale atha kulemba pa mzere umodzi mapangidwe a amoniya: magawo atatu a haidrojeni ndi gawo limodzi la naitrojeni. Wa ku Yunivesite adziwa zoposa. Adziwa kuti naitrojeni acokera mu mpweya umene tipumawu, kuti pano haidrojeni anali kumtenga pa malasha ndi nthunzi ya madzi, ndi kuti mipweya iwiriyi siigwirizana pokha-pokha itapanikizidwa kwambiri, pa kutentha koposa madigiri 400, pamwamba pa citsulo cofulumizitsa. Adziwa kuti amoniya asandulika asidi, ndipo asidiyo akakumananso ndi amoniya apanga ammonium nitrate, amene alimi athira m'cimanga ndipo a ku migodi aphulitsira miyala. Zonsezi n'zoona, ndipo popanda kuzidziwa munthu sangakhale injiniya.

Koma kumbukirani kuti Fritz Haber anasonyeza njira imeneyi pa tebulo mu 1909, ndipo panapita zaka zinai kuti Carl Bosch ndi anzace aimike fakitale yoyamba ku Oppau, m'dziko la Germany, mu 1913. Zaka zinaizo zinatha ndi kufuna-funa citsulo cosang'ambika, mapaipi osadontha, ndi anthu odziwa kuyang'anira zonsezo usana ndi usiku. Mtunda umene uli pakati pa tebulo ndi fakitale ndi womwewo umene mwana wathu wa digiri ayenera kuyenda. Buku silimuuza valavu imene atseke poyamba magetsi akazima pakati pa usiku. Silimuuza zakuti anene ciani kwa kapitao wa zaka 50 amene aumirira kuti nchito ipitirire pamene iye aona ngozi. Silimuuza kalembedwe ka lipoti la shifiti kotero kuti mnzace wolowa m'mawa asanyengedwe.

Ndipo kulakwa pa nchito zotere sikufanana ndi kulakwa pa mayeso, kumene mphunzitsi angocotsa malikisi. Ku Oppau komweko, mu 1921, nkhokwe ya feteleza inaphulika, nipha anthu oposa 500. Ku Beirut, pa 4 August 2020, matani 2,750 a ammonium nitrate amene anasungidwa zaka zingapo pa dooko anaphulika, ndipo anthu oposa 200 anafa. Kwathu kuno, mu February 2025, damu la zinyalala za mgodi ku Chambishi linagumuka, madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi mu Kafue, nsomba zinafa, ndipo mzinda wa Kitwe unasowa madzi a kumpope kwa kanthawi. Mtsinje womwewo ndi umene udutsa pakhomo pathu, ndipo madzi a ku Iolanda, amene anthu a ku Lusaka amwa, atungidwa m'menemo. Damu liri lonse, nkhokwe iri yonse, ziri ndi munthu wozisainira. Funso ndi lakuti, anamlera ndani munthu ameneyo?

SUKULU YA KU GORGE

Citsanzo cabwino ca maphunziro amene ndiri kunena ciri pafupi ndi ife, ku Namalundu. Ku Kafue Gorge madzi agwa mamita ngati 400 kukafika ku makina asanu ndi limodzi amene ali m'phanga pansi pa phiri. Pamene malowo anayamba nchito, panafunika sukulu yophunzitsa oyendetsa makinawo. M'caka ca 1989, ndi thandizo la Norway ndi Sweden, sukuluyo inakhala Kafue Gorge Regional Training Centre, yophunzitsa anchito a magetsi ocokera m'maiko a kumwera kwa Afrika. Amene apita kumeneko si ana a sukulu: ndi mainjiniya ndi amisiri amene ali ndi mapepala ao kale. Aphunzira kuyendetsa ndi kukonza makina a magetsi a madzi, kutseka ndi kutsegula magetsi a mphamvu yaikuru popanda kupha munthu, ndi kuyang'anira madamu. Pali makina oyeserera, pamene wophunzira angalakwitse popanda kuzimitsa dziko lonse, ndipo malo eni-eni a nchito ali pafupi pomwepo.

Nzeru ya sukulu imeneyi iri pa zinthu ziwiri. Inamangidwa pambali pa nchito, ndipo imalandira munthu wa digiri monga wophunzira, popanda manyazi mbali iri yonse. Kufunika kwace sikunacepe. Mu 2023 malo aciwiri a magetsi, Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, anatsirizidwa. Ndipo mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ndipo magetsi anali kuzima maora ambiri pa tsiku, tonse tinaona kuti dontho liri lonse la madzi lifuna munthu wodziwa kuligwiritsa nchito mosataya.

Maganizo amenewa anayesedwanso kwina. Ku America, mu 1906, Herman Schneider wa pa Yunivesite ya Cincinnati anayamba kutumiza ophunzira uinjiniya ku mafakitale mosinthana, sabata imodzi m'kalasi, sabata ina pa nchito, ndipo njirayo inafalikira m'maiko ambiri. Ku Malawi, Dr. Robert Laws anaika nchito za umisiri pamodzi ndi maphunziro apamwamba pa Overtoun Institution ku Livingstonia, imene inayamba mu 1894. Ndipo m'dziko lino nchito zina zinabvomereza kale kuti digiri payokha sikwanira. Dotolo watsopano agwira nchito m'cipatala pansi pa madotolo akuru asanaloledwe kuima payekha. Wa digiri ya malamulo apita ku Zambia Institute of Advanced Legal Education asanaime pamaso pa woweruza monga loya. Injiniya alembedwa ku Engineering Institution of Zambia, ndipo safika pa msinkhu wa injiniya wokhwima asanasonyeze zaka za nchito. Ifenso aphunzitsi tinayamba ndi kuphunzitsa pamaso pa mphunzitsi wamkuru, iye atakhala kumbuyo kwa kalasi ndi colembera m'manja.

PAMENE MAKINA ANAKHALA CETE

Tsono bvuto liri pati? Inu a m'Kafue mulidziwa bwino kuposa ine. M'zaka zotsatira 1991 misika inatsegulidwa, nsaru zotsika mtengo ndi salaula zinadzaza m'misika, ndipo Kafue Textiles inayamba kufooka kufikira inatseka. Ku Nitrogen Chemicals nchito inacepa kwambiri, ndipo anchito ambiri anacotsedwa. Kawiri-kawiri timawerenga citayiko cimeneci ndi malipiro amene anatha ndi mabanja amene anasauka, ndipo n'zoona. Koma panatayikanso cinthu cina cimene sicilembedwa m'mabuku a ndarama. Fakitale iri yonse yoyenda bwino ndi sukulu. M'menemo muli anthu amene anatha zaka 20 pa makina amodzi, ndipo wacinyamata ali yense wolowamo amamwa nzeru zao tsiku ndi tsiku. Fakitale ikatseka, sukuluyo yatseka. Mmisiri wokalamba abwerera kumudzi, kapena agulitsa makala m'mbali mwa mseu, ndipo cimene cinali m'mutu ndi m'manja mwace cipita naye kumanda.

Pa nyengo yomweyo masukulu apamwamba anacuruka. Copperbelt University inayamba mu 1987, ndipo pambuyo pace panabwera mayunivesite ena ambiri, a Boma, a Mipingo ndi a anthu wamba. Cotero oturuka ndi digiri ali kucuruka, pamene malo owalera sanacuruke molingana. Mwana afunsira nchito, amuuza kuti afuna munthu amene anagwirapo nchito zaka zitatu. Ndipo iye afunsa kuti, zaka zitatuzo ndikazitenga kuti ngati palibe wondilola kuyamba? Kumbuyo kwa mwana ameneyo kuli bambo amene anagulitsa ng'ombe, ndi mai amene anatha zaka ali kugulitsa nsomba pa msika kuti fizi ikwane. Kumbuyo kwacenso kuli ang'ono ace, amene ali m'makalasi mwathu lero, ndipo aona mkuru wao wa digiri ali khale pakhonde. Tsiku limene mwana wa kalasi lanu adzakufunsani kuti, sukulu ipindulanji, dziwani kuti funsolo lacokera pakhonde pamenepo.

Sindinena kuti palibe ciyembekezo. Pano pa Kafue panabwera fakitale ya citsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, imene isungunula zitsulo zakale. Ndiponso kuyambira mu January 2017, mwa lamulo la 2016, olemba anthu nchito apereka ku Boma msonkho wa 0.5 peresenti ya malipiro a anchito ao, wakuti uthandize maphunziro a luso. Ndarama ya nchito imeneyi iripo ndithu. Cimene tiyenera kufunsa monga nzika ndi cakuti, kodi igwira nchito yotani, ndipo ifika kwa yani?

MAPHUNZIRO ABWINO AONEKA BWANJI

Makolo ndi ana amene tinawaphunzitsa amadza kwa ife kudzafunsa uphungu, cotero n'kwabwino kuti tidziwe kusiyanitsa maphunziro eni-eni a pa nchito ndi cinyengo cobvala dzina lao. Ndichula zizindikiro zisanu.

Coyamba, pakhale munthu mmodzi wodziwika amene ali ndi udindo wolera wophunzirayo, ndipo nthawi ya kuphunzitsayo iwerengedwe monga gawo la nchito yace. Mwana wa anthu onse aleredwa ndi mphepo.

Caciwiri, wophunzira ayende m'zigawo zonse: ku makina, ku wekishopu, ku nyumba yoyesera zinthu, ku sitolo ya zipangizo, ndi ku ofesi ya ndarama. Injiniya amene sadziwa mtengo wa cipangizo, ndi miyezi imene cimatenga kuti cifike kucokera kunja, adzalamula zinthu zosatheka. Agwireko ndi shifiti ya usiku, pakuti fakitale ya usiku ndi ina, ya usana ndi inanso.

Cacitatu, pakhale buku limene wophunzira alembamo zimene wacita sabata iri yonse, ndipo womlera awerenge ndi kusaina. Buku limeneli ndilo umboni wace pokafuna nchito kwina, ndiponso limzoloweza kulemba zoona zokha-zokha.

Cacinai, apatsidwe nchito yeni-yeni, yaing'ono poyamba, imene ikalephereka idzadziwika kuti ndi iye. Munthu amene angoyang'ana ena ali kugwira nchito miyezi isanu ndi umodzi sanaphunzire kanthu koma kuyang'ana.

Cacisanu, nthawi yace ikhale ndi malire, ndipo wophunzira alandire kandarama kokwanira cakudya ndi ulendo. Pali olemba nchito ena amene atenga ana a digiri, nawagwiritsa nchito ya munthu wolipidwa popanda malipiro, ndipo miyezi ikatha atenga ena. Kumeneko si kuphunzitsa iai, ndi thangata. Ndiponso maphunziro opanda malipiro atsekera kunja mwana wa mmphawi, pakuti ndi mwana wa wolemera yekha angathe kukhala m'tauni miyezi yambiri osalandira kanthu.

Pano ndicenjeze za kulakwa kwina kumene kuli mbali inayo. Alipo ena amene, poona mabvutowa, anena kuti Yunivesite ileke za nzeru zakuya, ingophunzitsa nchito imene makampani afuna lero. Amenewa aiwala mbiri ya mzinda uno. Munthu amene anadziwa makina amodzi okha a nsaru anasowa colowera pamene makinawo anaima. Koma amene anadziwa cifukwa cace makina ayenda motero anatha kuphunzira makina ena. Yunivesite icite nchito yace, fakitale icitenso yace, ndipo pakati pa ziwirizi pamangidwe mlatho wolimba.

GAWO LATHU IFE APHUNZITSI

Tsopano ndifika pa ife eni. Akuru anati m'mera mpoyamba. Zinthu zimene zimlepheretsa munthu wa digiri pa nchito, zambiri si za masamu akuya; ndi zizolowezi zimene anayenera kuzitenga ali ndi zaka 12. Ndichula zinai zimene mphunzitsi ali yense angathe kuzibzala, ngakhale sukulu yace iribe nyumba ya sayansi kapena kompyuta.

Coyamba ndi kuyesa ndi kulemba coona. Mwana akayesa utali wa munda wa sukulu, kapena kulemera kwa cimanga cimene akolola, alembe nambala imene wapeza, ngakhale isiyane ndi ya m'buku. Tikazolowera kupatsa malikisi mwana amene wakonza nambala kuti ifanane ndi yankho, tiri kulera munthu amene tsiku lina adzalemba m'buku la shifiti kuti zonse ziri bwino asanapite kukaona. Ngozi zambiri za m'mafakitale ziyamba ndi bodza laling'ono lotere.

Caciwiri ndi kufunsa. Safunsa anadya phula. Koma mwana amene anasekedwa kapena kukalipidwa m'kalasi cifukwa ca funso aphunzira kubisa umbuli wace, ndipo akadzabvala digiri adzaubisa koposa, poopa kuti anchito angamnyoze. Tiyeni tilemekeze mwana amene anena kuti sindinamve, monga tilemekeza amene wakhoza. Ndipo ife eni, funso likatiposa, tisacite manyazi kunena kuti tikafufuza.

Cacitatu ndi kufotokoza momveka, m'Cingerezi ndi m'cinenero ca anthu. Injiniya alemba lipoti lace m'Cingerezi, koma pocenjeza anchito za ngozi afunika Cinyanja, Citonga kapena Cibemba comveka bwino. Tiwapatse ana nchito yakuti afotokoze pa tsamba limodzi m'mene apacikira cheni ca njinga, kapena m'mene aumbira njerwa, mwa dongosolo lakuti munthu wina atsate osasokera. Nchito imeneyi iri yobvuta kuposa cimangirizo ca maluwa-maluwa, ndipo phindu lace ndi la moyo wonse.

Cacinai, cimene ciposa zonse, ndi ulemu kwa munthu wa nchito ya manja. Tiyeni tidzifunse: m'masukulu mwathu, khasu ndi cikwakwa timapatsa yani? Kodi si mwana wocedwa ndi wopulupudza? Ngati nchito ya manja ndiyo cilango, tisadabwe mwana wanzeru akakula ali kuiyesa cinthu ca anthu olephera. Ndiponso timati kwa mwana waulesi, ukapanda kulimbikira udzakhala makaniko. Mau amenewa tiwaleke. Mwana amene anawamva zaka 12 sangathe kudzicepetsa pamaso pa mmisiri wosadziwa Cingerezi, kuti amphunzitse. Ndipo mmisiriyo akaona kunyada, adzatseka pakamwa, namleka mwanayo agwe yekha m'dzenje.

Pali cinthu cimodzi cimene ife a m'Kafue tingacite msanga, osadikira Boma. M'makomboni mwathu muli amuna ndi akazi amene anagwira nchito ku Textiles, ku Nitrogen, ku njanje ndi ku magetsi. Ambiri ndi okalamba tsopano, ndipo ena ndi agogo a ana athu omwe. Sukulu iri yonse iitane mmodzi pa teremu, adzakhale pa mpando wa mphunzitsi, afotokoze nchito yace, ndipo ana alembe zimene amva. Mphunzitsi akhale pa benci pamodzi ndi ana, nafunse mafunso iyenso. Ana akaona mphunzitsi wao, munthu wa mapepala, ali kuphunzira kwa mmisiri, adzatenga phunziro limene palibe buku lingawapatse. Ndipo ahedi alembere makalata akuru a mafakitale ndi a ku Gorge, kupempha kuti ana a makalasi apamwamba akaone nchito ndi maso, asungwana pamodzi ndi anyamata.

Ndipempha kuti Bungwe lathu liike nkhani imeneyi pa mndandanda wa msonkhano ulinkudza, ndipo sukulu iri yonse idzanene cimene yacitapo. Mutu umodzi susenza denga: Yunivesite, makampani ndi Boma ali ndi mbali zao, ndipo tiyenera kuwakumbutsa kosaleka. Koma mbali yathu palibe wina adzatigwirira. Mwana amene aturuka m'manja mwathu wodziwa kuyesa moona, kufunsa mosaopa, kufotokoza momveka ndi kulemekeza mmisiri, ameneyo digiri yace idzakhala ndi pomera, ndipo fakitale iri yonse idzatha kumtsiriza.

 Ngati pali mafunso kapena otsutsa, ndiri wokonzeka kumva.